Mpweya wa kunyumba, alipire ndani?

Mwezi watha, mayi wina wa pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, yemwe makolo ake anachokera ku Malawi, anandifunsa kuti: "Achimwene, adokotala akuti bambo azipuma okosijeni kunyumba. Kodi boma silingalipire?" Ndinangoti lilipira, poti okalamba opitirira zaka 65 salipira m'zipatala za boma ku Zimbabwe. Ndinali nditasokoneza zinthu ziwiri.

Ulere umenewo ndi wa wodwala amene ali m'chipatala. Akatulutsidwa, kawirikawiri banja limasaka lokha mpweyawo.

Mabungwe a medical aid, monga PSMAS ya ogwira ntchito m'boma ndi CIMAS, amayenda ngati chipereganyu: amathandiza yekhayo amene amasonkha mwezi ndi mwezi. Anthu ambiri a m'mafamu sali m'menemo. Ovutikitsitsa amakapempha kalata ya AMTO ku ofesi ya Social Welfare, koma iyo ndi yolipirira chithandizo cha m'zipatala za boma.

Kunyumba njira ndi ziwiri. Silinda ili ngati botolo la gasi wophikira: ikatha, wina akwere galimoto kukaidzazitsa. Makina a okosijeni ali ngati sefa ya ufa: amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, n'kupatula nayitrojeni, wodwala n'kumapuma wotsalawo kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Mpweya wake sutha, koma magetsi akazima makinawo amaima nthawi yomweyo. N'chifukwa chake banja logula makinawa limafunikanso sola ndi batire, kapena silinda yodikirira pafupi ndi bedi.