Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Pa 11 Januwale 2015, akatswiri a Project Zero, gulu limene kampani ya Google idakhazikitsa m'chaka cha 2014 kuti lizifunafuna ming'alu yobisika m'mapulogalamu a kompyuta, adaulula poyera chilema china cha Windows 8.1, kutangotsala masiku awiri kuti eni ake, a Microsoft, atulutse chigamba chake. A Microsoft adadandaula kwambiri, pakuti adali atapempha kuti awalezere mtima kufikira pa 13, Lachiwiri limene iwo amatulutsira zigamba mwezi ndi mwezi; koma a Google sadasunthike, popeza masiku 90 amene adawapatsa, chiwatsinireni khutu mu Okutobala, adali atakwana.

Kuti timvetse mlanduwu, tiyerekeze munthu amene wapeza kuti loko wa mtundu wakutiwakuti, amene ali pa zitseko za mudzi wonse, amatseguka ndi msomali wopinda. Akafuula pabwalo, mbala nayo imva. Akanong'oneza mmisiri yekha, mmisiriyo nkumangoti mawa, mawa, eni nyumba adzagona tulo tofa nato, osadziwa kuti chitseko chawo nchongotsamira, pamene mbala ina, imene idatulukira msomaliwo payokha, ikulowa ndi kutuluka monga ifunira. Kale makampani ambiri ankakonda kunong'onezedwa, chifukwa chilema chosadziwika sichichititsa manyazi, ndipo ena ankafika poopseza ndi milandu munthu amene wawachenjeza.

Ine ndili kumbali ya oika malire a masiku, ngakhale ndivomereza kuti masiku awiri aja akadatha kuwapirira. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kampani imene siidziwa tsiku lachiweruzo siifulumira. Bungwe la CERT/CC, la pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, limapereka masiku 45. A Google eniake, utapola mkangano uja, adawonjezera masiku 14 achisomo mu Febuluwale 2015, koma chilema chikakhala kuti mbala zayamba kale kulowerapo, amadikira masiku 7 okha.

Amene akuganiza kuti kukhala chete ndiko chitetezo akumbukire za 2017. Bungwe la akazitape la ku America, la NSA, lidadziwa chilema china cha Windows, nkuchisunga ngati mkondo wake. Koma mkondowo udabedwa, ndipo gulu lodzitcha Shadow Brokers lidaumwaza pa intaneti mu Epulo. Pa 12 Meyi pulogalamu yolanda ya WannaCry, yolowera pa chilema chomwecho, idatseka makompyuta m'maiko oposa 150, nifuna dipo, kufikira zipatala za ku Britain zidabweza odwala pakhomo. Chomvetsa chisoni nchakuti chigamba chidali chitatuluka kale mu Malichi, koma ambiri adali asanachiike.

Pamenepa mpamene padaonekera kuti kusoka chigamba nkwina, ndipo kuchifikitsa pa chovala chong'ambika nkwinanso. Kuyambira 2021 a Project Zero amati kampani ikakonza chilema m'nthawi yake, iwo amasunga tsatanetsatane wake masiku ena 30, kuti mayi amene foni yake yakhala ikumupempha update, iye nkumakana poopa kuti bandulo ingamuthere, apeze mpata wovomera mbala zisanawerenge za msomali uja.