Kuwonjezera Mphamvu ya Magetsi pa Galimoto ya M'misewu Yafumbi

Galimoto iliyonse imachoka kufakitale ndi magetsi oyezedwa kuti akwanire zipangizo zimene inabwera nazo, monga sitata, nyali, hutala, mawaipa ndi wailesi. Koma galimoto zogwira ntchito m'madera ngati Mhuju, m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, zimasenzetsedwa zambiri kuposa zimenezi. Mapikapu ndi malole a kuderali amanyamula mabelo a fodya kupita nawo kumsika wa ku Mzuzu, amakwera mapiri a Phoka kukatenga khofi, ndipo ena amafika ku Livingstonia kapena ku Nyika. Maulendo ambiri amayamba mbandakucha kapena kutha usiku, m'misewu yokhotakhota imene m'nyengo ya mvula imasanduka matope. N'chifukwa chake eni galimoto amawonjezera nyali zowala kwambiri, winchi yokokera galimoto ikatitimira, firiji, inveta, zokuzira mawu ndi malo otchajira mafoni. Chilichonse mwa zimenezi chimadya magetsi, ndipo zikachuluka batire limayamba kutha msanga, nyali zimazilala, mwinanso mawaya amapsa.

Ntchito ya alternator ndi ya batire

Anthu ambiri akaona vutoli amathamangira kugula batire lalikulu. Komatu batire silipanga magetsi, limangosunga. Chopanga magetsi ndi alternator, imene imazunguzidwa ndi injini kudzera pa lamba. Alternator ili ngati munda ndipo batire lili ngati nkhokwe: kumanga nkhokwe yaikulu sikuchulukitsa zokolola. Injini ikamalira, alternator ndiyo imadyetsa zipangizo zonse, ndipo magetsi otsala ndiwo amalowa m'batire. Zipangizo zikamafuna magetsi oposa amene ikupanga, kusiyanako kumachokera m'batire mpaka litatheratu, ngakhale galimoto ikuyenda.

Mkati mwa alternator muli madiode amene amawongola magetsi kuti aziyenda njira imodzi, komanso regulator imene imaonetsetsa kuti mphamvu isapitirire mlingo. Pa galimoto ya mavolt 12, mlingowo umakhala pakati pa 13.8 ndi 14.4 injini ikamalira. Pa lole ya mavolt 24, manambalawa amawirikiza kawiri.

Kuwerengera katundu

Ntchito yonse imayambira pa masamu. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi nambala ya mawatt, ndipo nambalayo ikagawidwa ndi mavolt a galimoto imapereka ma-amp amene chipangizocho chimakoka. Nyali ziwiri zakutsogolo za mawatt 60 iliyonse zimakoka ma-amp 10. Kuphatikiza nyali zakumbuyo, mawaipa, fani ya m'kabini ndi wailesi, pikapu yoyenda usiku kukugwa mvula ikhoza kudya ma-amp pafupifupi 30 isanawonjezeredwe kanthu.

Tsono pikapuyo itaikidwa nyali yaitali ya LED ya mawatt 180, pawonjezeka ma-amp 15. Nyali zina ziwiri za mawatt 100 iliyonse zifuna pafupifupi 17, firiji yaing'ono pafupifupi 5, ndipo chokuzira mawu cha mawatt 300 chifuna 25. Zonse pamodzi zikupitirira ma-amp 90, pamene mapikapu akale ambiri a dizilo ali ndi alternator ya ma-amp apakati pa 55 ndi 80.

Nambala yolembedwa pa alternator imasonyeza zimene ingapereke injini ikamathamanga. Injini ikamalira pang'onopang'ono, monga galimoto ikamakwawa m'matope kapena ikamatsika makhota a msewu wa Golodi pakati pa Livingstonia ndi Chitimba, alternator imapereka mwina theka lokha la nambalayo. Choncho katundu wa nthawi zonse sayenera kufika pa nambala yonse. Ndi bwino kusiya gawo limodzi mwa magawo asanu kuti batire lizipeza chotchajira.

Kuyeza zinthu zisanagulidwe

Nthawi zina alternator imaoneka ngati yachepa chikhalirecho vuto lili pena. Mita yoyezera magetsi imathandiza kudziwa pamene pali vuto. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku wonse, limasonyeza mavolt 12.6. Likasonyeza 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo likatsika pansi pa 12 latheratu. Injini ikalizidwa, nyali ndi zipangizo zonse zitayatsidwa, mita iyenera kukhala pamwamba pa 13. Ikatsikira ku 12, alternator ikulephera, kaya chifukwa cha katundu, lamba woterereka, mabulashi otha kapena mitu ya batire yadzimbiri.

Pali chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Njirayi ndi yowononga. Batire likachotsedwa mwadzidzidzi, mavolt amalumpha ndipo akhoza kupsereza madiode, wailesi ndi kompyuta ya injini pa galimoto zamakono.

Kusankha alternator yaikulu

Masamu akasonyeza kuti alternator yachepadi, m'malo mwake mumalowa ya ma-amp 100, 120 kapena kuposerapo. Yatsopanoyo iyenera kukhala bwino pa bulaketi ya injini, pule yake iyenera kulunjika ndi mapule ena, ndipo pulagi yake iyenera kugwirizana ndi mawaya a galimotoyo, kuphatikizapo wa kanyali kochenjeza pa dashibodi.

Pa injini zambiri zakale za dizilo, monga 2L, 3L ndi 5L za Toyota kapena 4D56 ya Mitsubishi, kumbuyo kwa alternator kumakhala pampu ya vacuum imene imathandiza mabuleki. Alternator yopanda pampuyi singalowe m'malo mwa yakale popanda kupeza njira ina yopangira vacuum, chifukwa pedulo ya buleki imalimba ndipo galimoto yodzaza katundu imavuta kuimitsa pamtsetse. Mapaipi a oilo opita ku pampuyo nawonso ayenera kubwezeredwa osadontha.

Alternator yaikulu imalimba kuzunguza ikakhala pa katundu. Kupanga ma-amp 100 kumalanda injini mphamvu ya mahatchi atatu kapena anayi, ndipo zimenezi zimaonekera pa mafuta. Lamba wakale amayamba kulira ndi kuterereka, choncho amafunika watsopano, womangidwa pa mlingo woyenera. Womangitsitsa amapha mabering'i.

Mawaya ndi mafyuzi

Magetsi ambiri akamadutsa mu waya woonda, wayayo amatentha ndipo mphamvu imatayika panjira. Posintha alternator, mawaya atatu ayenera kukulitsidwa: wochokera ku alternator kupita kumutu wa positive wa batire, wochokera kumutu wa negative kupita ku chasisi, ndi wolumikiza injini ndi chasisi. Pa ma-amp 100, waya wa kopa wa 25 mm² ndi woyenera ngati mtunda uli waufupi. Pamalo polumikizira pa chasisi pamapalidwa penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale.

Waya aliyense watsopano wochokera ku positive amafunika fyuzi pafupi ndi batire. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya: chikopa chake chikaperepeseka ndi kukhudza chitsulo, fyuzi imaduka moto usanabuke. Kulowetsa waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi n'kuitana moto. Nyali zowonjezera zimalumikizidwa kudzera pa relay, kuti switchi ya m'kabini izinyamula magetsi ochepa chabe. Pamene waya akubowoleza chitsulo pamaikidwa labala, chifukwa msewu wamabampu umachititsa waya kukhuzika mpaka kuduka.

Batire limodzi kapena awiri

Mabatire ali m'magulu awiri. Loliza injini limapereka magetsi ambiri kwa masekondi ochepa kenako n'kudzazidwanso. Likamaphwetsedwa kawirikawiri silikhalitsa. La mtundu wa deep cycle, longa la sola, limapereka magetsi pang'onopang'ono kwa maola ambiri ndipo limapirira kutsitsidwa mpaka theka. Manambala awiri ndiwo ofunika pogula: Ah, yosonyeza kuchuluka kwa magetsi osungidwa, ndi CCA, yosonyeza mphamvu yoliza injini kukazizira. Batire la N70, lodziwika pa mapikapu a dizilo, limasunga pafupifupi 70 Ah.

Ngati firiji, nyali kapena zokuzira mawu zizigwira ntchito injini itazima, monga pamsonkhano, pamaliro kapena pogona kuthengo, njira yabwino ndi kuika batire lachiwiri. Pakati pa awiriwa pamakhala isolator, imene imawalumikiza alternator ikayamba kutchaja ndi kuwalekanitsa injini ikazima. Motero zipangizo zimadya batire lachiwiri lokha, lolizira injini n'kukhala lodzaza. Kungolumikiza awiriwa ndi waya kumachititsa kuti onse athere limodzi. Galimoto zatsopano zimene kompyuta yake imatsitsa mavolt a alternator, komanso mabatire a lithium, zimafuna tchaja ya DC-DC m'malo mwa isolator wamba.

Winchi ndi nkhani ina. Ikamakoka galimoto yotitimira ikhoza kufuna ma-amp 300 kapena 400, ndipo palibe alternator wamba imene ingapereke zimenezi. Mphamvu yake imachokera m'batire lolizira injini, kotero batirelo liyenera kukhala la CCA yaikulu, injini iyenera kumalira, ndipo kukoka kumachitika mwa apo ndi apo kuti mota ya winchiyo ipume.

Malole a mavolt 24

Malole ambiri, monga Canter ndi Fuso, ali ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatizana kuti apange mavolt 24. Poika wailesi kapena tchaja ya mavolt 12, ena amangotenga magetsi pa batire limodzi. Batirelo limakhala losadzaza nthawi zonse pamene linzake likutchajidwa mopyola, ndipo onse awiri amafa msanga. Choyenera ndi kuika converter yotsitsa mavolt 24 kukhala 12. Mabatire a lole amasinthidwa onse pamodzi, ofanana kukula ndi zaka.

Fumbi, matope ndi kuzizira

Alternator imadziziziritsa ndi mpweya wodutsa mkati mwake, choncho fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowamo ndi kudya mabulashi ndi mabering'i. Galimoto ikaoloka mtsinje kapena zithaphwi, matope ouma amayenera kuchotsedwa. Batire limamangidwa ndi kalampu yachitsulo, osati chingwe cha labala, chifukwa kugwedezeka kumayoyola mapuleti amkati. Mabatire a mtundu wa AGM amapirira bwino kugwedezeka ndipo sadontha asidi, ngakhale ndi okwera mtengo. Otsegula pamwamba amawonjezeredwa madzi a batire okha, osati a pamjigo kapena asidi.

Kuzizira kumafooketsa batire. Ku Chelinda pa Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, mu June ndi July kumagwa chisanu, ndipo batire lozizira chotero limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yoliza injini, panthawi imene mahita otenthetsera injini ya dizilo akufunanso magetsi. Batire lofooka limene limaliza galimoto bwinobwino ku Mhuju likhoza kukanika kumeneko.

Pogwira ntchito iliyonse ya magetsi pa galimoto, waya wa negative ndiwo umayamba kuchotsedwa ndipo umabwezeredwa pomaliza. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, choncho fodya ndi moto sizifunika pafupi. Nyali zowonjezera nazo ndi za m'misewu ya kutchire, ndipo zimazimitsidwa pokumana ndi galimoto ina, njinga kapena anthu oyenda pansi.

Dongosolo lotsika mtengo ndi kuyamba ndi masamu ndi kuyeza, kenako kukonza mawaya, mafyuzi ndi lamba, ndipo pomaliza kugula alternator kapena batire lachiwiri ngati zikufunikadi. Nthawi zambiri kusintha nyali za halogen kuika za LED, zimene zimadya magetsi ochepa, kumatsitsa katundu mokwanira moti alternator yakale imapitiriza ntchito yake popanda vuto.