Muyeso wa moyo uli m'lita imodzi ya madzi

Mayi wa ku Chibavi kapena ku Masasa mumzinda wa Mzuzu akathira paketi ya thanzi m'lita imodzi ya madzi n'kutakasa, ufa uja suonekanso. Sikuti wasowa ayi, koma wasungunuka.

Mchere ndi shuga zikalowa m'madzi zimagawikana kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso ndipo timamwazikana mofanana paliponse. N'chifukwa chake madzi apamwamba ndi apansi pa chikho amakoma chimodzimodzi, ndipo ngakhale muwasefe ndi nsalu, mcherewo sutsalira. Madzi amatope ndi osiyana: mukawasiya amadikha, dothi n'kutsikira pansi.

Kusakanikirana kotere sikuchitika m'madzi mokha. Mpweya womwe timapuma nawo ndi wosakanizika, pafupifupi 78 peresenti ndi nayitrojeni pomwe 21 peresenti ndi okosijeni.

Koma pa thanzi, nkhani yagona pa muyeso. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, paketi ya lita imodzi imakhala ndi magalamu 13.5 a shuga wa gulukosi, 2.6 a mchere, 1.5 a potaziyamu ndi 2.9 a sitireti. M'matumbo, shugayo amalowa m'thupi atatengana ndi mchere, madzi n'kumatsatira pambuyo. Shuga akachuluka, amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsekula m'mimba kumakula. Apa ndi pomwe amaphonya makolo amene amachepetsa madzi kuti mankhwala "akhale amphamvu", kapena kumwetsa wodwala zakumwa zotsekemera za m'botolo.

Njirayi idadziwika kwambiri mu 1971 pomwe Dr Dilip Mahalanabis adaigwiritsa ntchito pakati pa anthu othawa nkhondo ku India. Imfa za odwala kolera zidatsika kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 3.6 peresenti.

Kuno kwathu, mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700, ndipo boma la Nkhata Bay, loyandikana ndi Mzuzu, lidakhudzidwa kwambiri.

Madzi osungunulira thanzi nawonso ayenera kukhala otetezeka. A Northern Region Water Board amathira klorini m'madzi ochokera kudamu la Lunyangwa, koma otunga pachitsime ayenera kuwiritsa kapena kuthira okha klorini, chifukwa madzi oyera m'maso amatha kubisa tizilombo.

Ndipo thanzi yemwe watha maola 24 chisungunulireni ndi wofunika kutaya n'kukonza wina. Paketi imodzi, lita imodzi, osaonjezera kapena kuchepetsa.