Boti Lopopa Lakale: Lisamaleni Kuti Nalo Likusamaleni

Chaka chatha, mwera utangoleka, amalume anga a ku Makanjira anagula boti lopopa lakale kwa mwini malo ena ogona alendo ku Mangochi. Anati liziwathandiza kunyamula ana ndi katundu wopepuka m'mbali mwa gombe nthawi ya dzinja msewu ukaonongeka. Tsiku loyamba analipopa m'mamawa kukuzizira mpaka linalimba gwa, nalisiya pamchenga. Dzuwa lili paliwombo tinangomva kuti phuu! Msoko wa mbali imodzi unali utang'ambika. Amalume anamatapo chigamba ndi guluu wa njinga, koma patapita masiku atatu chinamatuka iwo ali pamadzi ndi adzukulu awiri. Mwayi wake madzi anali olekeza m'chiuno. Atafika kumtunda anandiuza kuti, "Mphwanga, kafufuze bwino za chinthu ichi tisanataye mwana." Zimene ndinapeza, ndipo tinaziyesa ndi manja athu, ndi izi.

Choyamba, boti lotere si choseweretsa. M'chaka cha 1952 dokotala wa ku France, Alain Bombard, anaoloka nyanja yamchere ya Atlantic ali yekha m'boti lopopa losakwana mamita 5, kuchokera kuzilumba za Canary kukafika ku Barbados, ulendo wa masiku 65. Mphamvu lili nazo, chimene limafuna ndi mwini wosamala.

Dziwani nsalu yake

Maboti amenewa amapangidwa ndi nsalu za mitundu iwiri: PVC ndi Hypalon. Hypalon imapirira dzuwa zaka zambiri, pamene PVC imafulumira kuuma ndi kukalamba padzuwa ngati la kunyanja kuno. Uliwonse mwa mitundu iwiriyi uli ndi guluu wakewake, ndipo mukasokoneza chigamba sichigwira. Kuti mudziwe, suzumirani m'kati kudzera pa valavu. Hypalon imakhala yakuda kapena yotuwa m'kati, pamene PVC ili ndi mtundu umodzi kunja ndi m'kati. Mukhozanso kupala pang'ono ndi sandipepa pamalo pobisika: Hypalon imatulutsa fumbi nkusiya kuwala, PVC imangokandika koma nkumawalabe. Lathu linapezeka kuti ndi la PVC.

Kupopa

Mpweya ukatentha umafufuma, ndipo ichi ndi chimene chinang'amba msoko wa amalume. Maboti ambiri amafuna mpweya wapafupifupi 0.25 bar, wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa tayala la galimoto, choncho musayerekeze kulipopetsa pamalo omwetsera mafuta. Gwiritsani ntchito pampu yoponda ndi phazi kapena yamanja. Boti lili ndi zipinda za mpweya zingapo. Zipopeni mosinthanasinthana, pang'ono apa pang'ono apo, kuti nsalu yolekanitsa zipinda m'katimo isaphulike. Mukakanikiza ndi chala chachikulu lizilowa pang'ono chabe. Mukaliika m'madzi ozizira limafewerako, ndiye onjezerani. Mukalikokera kumtunda masana, tulutsani mpweya wina ndipo mulifunditse.

Kupeza pamene pabooka

Boti likamafewa usiku umodzi wokha musathamangire kumata. Sungunulani sopo m'madzi, lipopeni, nkupaka madziwo ndi kansalu. Pamene patuluke thovu ndi pomwepo, ndipo lembanipo chizindikiro. Yambirani pa valavu, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala kamchenga kamene kalowa pamenepo kapena valavu imene yakhwepa, zimene zimatha ndi kutsuka ndi kumangitsa basi. Kenaka yenderani misoko yonse ndi kunsi kumene kumakhula pansi.

Kumata chigamba

Apa mpamene ambiri timalakwa chifukwa cha phuma, pomwe akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tulutsani mpweya wonse, tsukani pamalopo ndipo paume gwa. Dulani chigamba cha nsalu yofanana ndi ya boti, chopitirira bowo ndi masentimita 5 mbali zonse, ndipo makona ake muwadule mozungulira popeza kona yosongoka ndiyo imayamba kumatuka. Hypalon ipaleni ndi sandipepa. PVC ipukuteni ndi mankhwala ochotsera mafuta amene amagulitsidwa limodzi ndi guluu wake. Guluu wolimba ndi uja wosakaniza mbali ziwiri. Pakani mopyapyala pachigamba ndi paboti, dikirani aume, pakaninso kachiwiri, ndipo akayamba kunanda gwirizanitsani. Kanikizani mwamphamvu ndi kumbuyo kwa supuni kuchokera pakati kupita kumphepete kuti mpweya usatsalire.

Ntchitoyi ichitikire pamthunzi, tsiku lopanda chinyezi, kutali ndi moto, popeza guluuyu sachedwa kuyaka ndipo fungo lake limazunguza mutu. Musapope pasanathe maola 24; masiku awiri ndiye bwino koposa. Pong'ambika patali kuposa chala pamafuna zigamba ziwiri, china m'kati china kunja. Koma ngati misoko ikumatuka pano ndi apo, guluu wa boti lonse watha mphamvu. Boti lotero musakwezemo munthu.

Kusunga

Adani a boti kumtunda ndi dzuwa, mchenga, petulo ndi makoswe. Linyamuleni awiriawiri m'malo molikoka pamiyala ndi pazitsa za bango. Petulo akatayikira tsukani msanga ndi sopo. Mukatha ntchito chotsani mchenga ndi mamba a nsomba m'mphepete mwa matabwa apansi, liumitseni, nkulipinda momasuka ndi kulipachika pamwamba, chifukwa khoswe akamva fungo la usipa amaboola usiku umodzi. Thabwa lakumbuyo lomangirapo injini muzilibaya ndi msomali. Ngati ukulowa mosavuta ndiye kuti lawola.

Pamadzi

Boti lopopa ndi lopepuka ndipo limayandama pamwamba penipeni, choncho mphepo imalikankha msanga kuposa bwato. Mwera ukayamba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, likhale kumtunda. Mphepo ikamachokera kumtunda musanyengedwe ndi bata la pagombe, ikhoza kukutengerani pakati osabwereranso. Musapitirire chiwerengero cha anthu chimene chalembedwa pathabwa lakumbuyo. Tengani nkhafi ziwiri, pampu, nangula, chingwe ndi chokapira madzi, ndipo aliyense, makamaka ana, avale jekete yoyandamitsa. Mbedza, mipeni ndi nsomba zaminga monga nkholokolo ziikidwe m'ndowa. Kumalo a mvuu ndi ng'ona, monga mu Shire ndi ku Malombe, boti ili si lake.

Boti la amalume tinalimata ndi guluu woyenera ndipo chigambacho chikugwirabe. Masiku ano Loweruka lililonse iwo amayendera misoko ndi madzi a sopo adzukulu akuonerera, ndipo anakhazikitsa lamulo pakhomo pao: mwana wopanda jekete sakwera, ngakhale alire chotani.