Diso la kumwamba limafuna mboni pansi

Okutobala akafika kuno ku Senga Bay, thukuta limandiuza kuti mpweya wa m'mbali mwa nyanja walemera ndi chinyezi. Koma akatswiri a zanyengo amafuna manambala, ndipo ambiri mwa manambalawo amachokera ku masetilaiti monga Meteosat, amene ali makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa dziko.

Setilaiti siikhudza mpweya ayi. Imangoona cheza chosaoneka ndi maso chimene nthaka, madzi ndi nthunzi zimatulutsa, kenako makompyuta amawerengera kutentha ndi chinyezi kuchokera pamenepo. Mitambo ikaphimba, kapena chipangizo chikakalamba, zotsatira zimapotoka pang'ono. Pang'onopo mpoopsa, chifukwa kutentha kumene ofufuza akulondola kumakwera ndi kachigawo chabe ka digiri pa zaka 10. Kuno ku Salima n'kovutirapo, poti madzi ndi mtunda zimatha kugwera m'kadontho kamodzi ka chithunzi.

N'chifukwa chake pamafunika mboni. Mayiko ambiri amaulutsa mabaluni kawiri pa tsiku, onyamula kachipangizo kopima mpweya mpaka makilomita 30 m'mwamba, n'kuyerekeza ndi zimene setilaiti yanena. Pansi pano mboni ndi masiteshoni a zanyengo monga ya ku Chitala, komwe kutentha ndi mvula zimalembedwa tsiku ndi tsiku. Ine ntchito imeneyi ndimaipatsa ulemu kwambiri, pakuti tsiku losalembedwa silibwereranso.

Inu oyandikana ndi masiteshoniwa, chonde atetezeni ku moto wolusa ndi kwa akuba.