Za Ana Obadwa ndi Mapazi Opindika

Inu aphunzitsi a m'midzi ya kuno ku Rumphi, cherani khutu ku mau awa, pakuti akhudza ana athu.

Mwa ana 1,000 obadwa, pafupifupi mmodzi abadwa ndi phazi lopindikira m'kati. Ici si cilango, kapena ufiti, kapena colakwa ca amai ace; ndi cilema cimene cicizika. Akacileka, mwanayo adzayendera m'mbali mwa phazi moyo wace wonse.

Kale asing'anga anali kung'amba phazi lonse, ndipo kawirikawiri linali kuuma ndi kuwawa mwini wace atakula. Koma sing'anga Ignacio Ponseti wa ku Iowa, ku America, anapeza njira yofatsa. Aongola phazi pang'onopang'ono ndi manja, nalimanga m'cikhakha, nasintha cikhakhaco sabata ndi sabata, ngati kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Pamenepo ana ambiri awadula pang'ono mtsempha wa kucidendene, ndipo ulumikizananso wotalikirapo. M'caka ca 2005 ofufuza a ku Blantyre analengeza kuti njirayi itheka bwino m'manja mwa othandiza asing'anga a dziko lino. Ndipo mu 2011 anaonetsa kuti kusintha cikhakha katatu pa sabata kufupikitsa masiku, phazi nkuongoka cimodzimodzi.

Koma taonani pamene ambiri agwa. Phazi litaongoka, mwana ayenera kuvala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi citsulo, maora 23 pa tsiku kwa miyezi 3, ndipo pambuyo pace pogona pokha kufikira zaka 4 kapena 5. Mwana akalira, makolo agwidwa cifundo namvula. Ndipo phazi libwerera mwakale, nchito yonse nipita pacabe.

Cimodzimodzi ndi mankhwala a malungo ochedwa LA. Muyeso wace atenga pa kulemera kwa mwana pa sikelo, ndipo amwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku 3. Wakuleka pakati cifukwa thupi lazizira asiya tizirombo tina m'mwazi.

Cifukwa cace, aphunzitsi, mukaona khanda lotere m'mudzi, limbikitsani makolo ace apite nalo msanga, mafupa akali anthete, ku cipatala ca boma ku Rumphi, kapena ku David Gordon Memorial ku Livingstonia, akamve kumene kuli cithandizo. Ndipo muziwacezera madzulo, ndi kufunsa ngati nsapato zija zavalidwa.