Memore ikakana kutseguka, nyimbo zimakhala zapita kuti?

Ana inu mukudziwa kuti Balaka ndi kwawo kwa nyimbo. Alleluya Band inayambira kuno mu 1978, ndipo Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda anatchukira konkuno. Makolo anu ankamvera nyimbozo pa kaseti. Lero nyimbo mazanamazana zimakwana m'kamemore ka m'foni, kamene achimwene anu amapita nako kwa anyamata a makompyuta kumsika kuti akawaikiremo zatsopano.

Koma tsiku lina memore ija imangokana. Foni imati khadi yawonongeka. Mukaiika pa kompyuta, nayo imati muifomate kaye. Nyimbo kulibe, zithunzi za ukwati wa azakhali kulibe. Kodi zafufutika? Nthawi zambiri ayi. Zili momwemo, koma makinawo sakudziwanso pozipeza.

Mkati mwa memore muli timagawo zikwizikwi tofanana kukula. Nyimbo imodzi ya 4 MB imatha kudzaza timagawo toposa 100, ndipo sikuti nthawi zonse timagawoto timakhala tondondozana. Taganizani za nyuzipepala. Nkhani imayamba pa tsamba 1, pansi pake n'kulembedwa kuti yapitirira pa tsamba 6. Wina atafufuta mawu olozerawo ndi manambala onse a masamba, nkhaniyo ingakhalepobe yonse, koma woiwerenga angasokonezeke. Memore nayo ili ndi kaundula wake amene amasunga dzina la nyimbo iliyonse, pamene yayambira ndi pamene yapitirira. Kaundula wa memore zambiri amatchedwa FAT. Kampani ya Microsoft inayamba kumugwiritsa ntchito mu 1977, Alleluya Band isanayambe n'komwe! Memore zambiri zosapitirira 32 GB zimabwera ndi mtundu wake wotchedwa FAT32, zokulirapo zimabwera ndi exFAT.

Nanga kaundulayu amawonongeka bwanji? Poika nyimbo, kompyuta imagwira ntchito ziwiri: kulemba nyimboyo m'timagawo, ndi kulemba m'kaundula kuti yaikidwa pati. Wina akazula memore ntchito ili mkati, kaundula amatsala wolembedwa theka. Chovuta n'chakuti kompyuta ina imaoneka ngati yamaliza pamene ikulembabe chamseri. N'chifukwa chake pali batani la Eject, louza kompyuta kuti imalize zonse musanazule.

Kuzima kwa magetsi kumachitanso zomwezo. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, womwewu wodutsa pa Liwonde, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Laputopu ili ndi batire, choncho imapitiriza ntchito yake. Kompyuta ya patebulo imangothima pomwepo, cholemba chili pakati.

Memore ikakana kutseguka, chinthu choyamba n'kusavomera kufomata. Kufomata n'kulemba kaundula watsopano wopanda kanthu, ndipo mukayamba kuikamo nyimbo zina, zimakhala pamwamba pa zakale zija. Zikaphimbidwa choncho palibe katswiri angazibweze. Chotsani memoreyo, pukutani timizere take tagolide ndi kansalu kouma, muiyese pa foni ina kapena pa kadi rida ina. Nthawi zina vuto limangokhala fumbi, ndipo fumbi la Balaka m'mwezi wa Okutobala mukulidziwa.

Ikakanabe, pitani nayo kwa wodziwa makompyuta pamodzi ndi munthu wamkulu. Katswiri wosamala amayamba wakopera memore yonse mmene ilili, kagawo ndi kagawo, kuti akalakwitsa akhale ndi poyambiranso. Kenako amayang'ana kaundula. Amene anapanga FAT anaganiza patali: amasunga makope awiri a kaundulayo, ndipo FAT32 imasunganso kope la kagawo koyambirira kamene kamafotokoza mmene memore yagawidwira. Pulogalamu yaulere yotchedwa TestDisk, imene analemba Christophe Grenier wa ku France, imatha kutenga kope labwinolo n'kukonzera lowonongeka. Zikayenda bwino, zonse zimabwerera ndi mayina ake.

Windows ilinso ndi chida chake chotchedwa chkdsk. Chimathandiza, koma ine sindingayambire chimenechi, chifukwa chimakonza polemba pa memore yomweyo, ndipo zidutswa zimene sichikuzimvetsa chimaziunjika m'foda ya FOUND.000.

Kaundula akawonongekeratu, pamatsala njira yosangalatsa kwambiri. Mtundu uliwonse wa failo uli ndi chizindikiro chake poyambira. Chithunzi cha JPEG, mwachitsanzo, chimayamba ndi FF D8 FF. Pulogalamu ya PhotoRec, ya Grenier yemweyo, sifunsa kaundula n'komwe. Imayenda kagawo ndi kagawo kusakasaka zizindikirozi, ikapeza chimodzi imati apa payambira chithunzi, n'kuchitola. Mayina okha ndiwo sabwerera, chifukwa anali m'kaundula muja. Mumapeza mafailo a manambala okhaokha, ndiye muyenera kutsegula limodzilimodzi kuti mudziwe kuti ili ndi la ukwati, ili ndi la pa sukulu. Chithunzi chimene timagawo take tinamwazikana chimatha kutuluka theka, kumunsi kwake kuli mbuu. Zonse zopulumutsidwa katswiri amazisunga pa disiki ina, osati pa memore yodwalayo.

Pali memore zina zimene sizichira. Ikakhala kuti kompyuta iliyonse siikuiona n'komwe, ndiye kuti chawonongeka ndi kachipangizo ka mkati. Palinso memore zachinyengo, zotchipa modabwitsa, zolembedwa 64 GB pamene mkati muli malo a 8 GB okha. Zimenezi zimalandira nyimbo bwinobwino poyamba, koma malo enieni akadzaza, zatsopano zimatayika kapena kuphimba zakale, kaundula akunenabe kuti zonse zilimo.